Mbale Luca Pacioli, Mfransiskani Amene Adaphunzitsa Amalonda Kuwerengera

Fransisko Woyera wa ku Assisi adali mwana wa munthu wogulitsa nsalu. Atamva kuitana kwa Mulungu, adabweza kwa atate ake ndalama ndi zovala zomwe pamaso pa Episkopi, nasankha umphawi kuti ukhale chuma chake kufikira imfa. Chifukwa cha ichi ambiri amazizwa akamva kuti munthu amene dziko lonse limutcha tate wa kasungidwe ka mabuku a ndalama adali mmodzi wa ana a Fransisko yemweyo, wovala mkanjo wotuwa ndi chingwe m'chiuno. Dzina lake ndi Luca Pacioli. Iye adalumbira umphawi, koma moyo wake wonse adauthera pophunzitsa anthu kuwerengera phindu, ngongole ndi chiwongola dzanja, pakuti adaona kuti munthu wosadziwa kuwerengera sangathe kuchita chilungamo pa malonda, ngakhale mtima wake utafunitsitsa.

UBWANA WAKE

Luca adabadwa chapafupi ndi chaka cha 1447 m'kamzinda ka Borgo San Sepolcro, kamene lero katchedwa Sansepolcro, m'chigawo cha Tuscany m'dziko la Italy. Makolo ake sadali olemera. Masiku amenewo m'mizinda ya Italy mudali sukulu za mitundu iwiri. Zina zidali za Chilatini, ndipo kumeneko kunkapita anyamata ofuna unsembe, zamalamulo kapena zamankhwala. Zina zinkatchedwa sukulu za abaco, kumene ana a amalonda ndi a amisiri ankaphunzira masamu m'chinenero chawo chobadwa nacho. Maphunziro oyamba a Luca adali a mtundu wachiwiriwu.

M'sukulu za abaco ana ankalemba ndi manambala amene aliyense awadziwa lero, kuyambira 0 kufikira 9. Manambalawa adachokera ku India, nafika ku Ulaya kudzera mwa Aarabu, ndipo amene adawafalitsa mu Italy ndi Leonardo wa ku Pisa, wotchedwanso Fibonacci, ndi buku lake la chaka cha 1202. Kale anthu ankalemba ndi zilembo za Aroma, monga zija zioneka pambuyo pa maina a Apapa. Ndipo aliyense amene adayesapo kuchulukitsa XLVII ndi XIX adziwa kuvuta kwake. M'kamzinda komweko mudalinso Piero della Francesca, mmisiri wotchuka wojambula zithunzi za m'matchalitchi, amenenso adali katswiri wa masamu. Dzina lake lidzabweranso m'mbiri ino.

KU VENICE

Chapafupi ndi chaka cha 1464 mnyamatayo adapita ku Venice, nalowa ntchito kwa wamalonda wolemera, Antonio Rompiasi, kuti aziphunzitsa ana ake atatu aamuna. Venice udali mzinda womangidwa pa madzi, ndipo zombo zake zinkatenga tsabola, thonje ndi nsalu za silika ku madoko a kum'mawa, monga Alexandria ndi Beirut, nkudzazigulitsa kwa amalonda a ku Ulaya konse. Koma mzinda uliwonse udali ndi ndalama yakeyake, miyeso yakeyake ya nsalu ndi miyala yakeyake ya pa sikelo. Tsono wamalonda wa ku Venice ankadzuka m'mawa uliwonse ndi mafunso onga awa: ndalama za ku Florence zingati zilingana ndi dukati imodzi ya golide ya kwawo, katundu wogulidwa pa muyeso wa ku Alexandria adzalemera bwanji pa sikelo ya ku Venice, anthu atatu akasonkha mpamba wosiyana, agawane bwanji phindu.

M'nyumba ya Rompiasi, Luca adaona ndi maso ake momwe mabuku a malonda ankalembedwera. Pa nthawi yomweyo ankapita kukamvera maphunziro a Domenico Bragadino, amene ankaphunzitsa masamu poyera mu mzindamo. Mu 1470 adalembera ana a Rompiasi buku lake loyamba la masamu, limene lidatayika. Pambuyo pake adapita ku Roma, nakhala miyezi ingapo m'nyumba ya Leon Battista Alberti, katswiri wa zomanga ndi wolemba mabuku. Pakati pa 1472 ndi 1475 adalowa chipani cha Afransiskani, naphunzira za Mulungu, ndipo kuyambira pamenepo adadziwika ndi dzina la Mbale Luca.

AFRANSISKANI NDI NDALAMA

Wina angayese kuti polowa chipani Luca adayenera kutaya masamu a malonda. Sizidatero, pakuti Afransiskani a nthawi imeneyo ankakhala pakati pa anthu a m'mizinda, namva m'kuulula machimo mavuto a ogula ndi ogulitsa. Bernardino Woyera wa ku Siena, amene adamwalira mu 1444, ankalalika m'mabwalo a misika za mtengo woyenera, za miyeso yonyenga ndi za tchimo la katapila. Mu 1462 ku Perugia, chifukwa cha ulaliki wa Afransiskani, kudatsegulidwa thumba lotchedwa Monte di Pietà, kumene mmphawi ankasiya chikole, nakongola ndalama pa chiwongola dzanja chochepa, m'malo mopita kwa akatapila. Thumba lotere silikadatha kukhalitsa popanda anthu odziwa kulemba zolowa ndi zotuluka.

Ku Perugia komweko Mbale Luca adaphunzitsa masamu pa sukulu ya ukachenjede, ndipo pakati pa 1477 ndi 1480 adalembera ophunzira ake buku lina, limene lisungidwa m'nyumba ya mabuku ya ku Vatican. Adaphunzitsanso ku Zara, tsidya la nyanja, kumene lero kutchedwa Zadar, ndi ku Naples ndi ku Roma. Zaka zonsezi ankasonkhanitsa zimene adadzaziika m'buku lake lalikulu.

BUKU LA 1494

Makina osindikiza mabuku adafika ku Venice mu 1469. Mu 1494 Mbale Luca adabwerera mu mzindamo, napereka kwa wosindikiza, Paganino de Paganini, buku la masamba oposa 600, lodziwika ndi dzina lalifupi la Summa. Akatswiri a nthawi yake ankalemba m'Chilatini, koma iye adalemba m'Chitaliyana, kuti mwini sitolo ndi kalaliki wake athe kuwerenga. M'bukumo adaikamo kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, masamu a miyeso ya malo, kusinthana kwa ndalama za mizinda yosiyana, kugawana phindu, alijebura, ndi kasungidwe ka mabuku a malonda.

LAMULO LA CHINTHU

Dzina la alijebura lidachokera ku buku la al-Khwarizmi, katswiri amene adalemba ku Baghdad chapafupi ndi chaka cha 820. Ataliyana ankautcha luso limeneli lamulo la cosa, ndipo cosa ndiye kuti chinthu. Nzeru yake ndi iyi: nambala imene munthu saidziwa aipatse dzina, aitche chinthu, ndipo awerengere nayo ngati kuti aidziwa kale, kufikira itadziulula yokha. Lero ana a sukulu alemba x pamene Mbale Luca ankalemba co. Chinthu chochulukitsidwa ndi chinthu chinzake chomwecho ankachitcha censo. Pofuna kuwonjeza ankalemba p, pofuna kuchotsa ankalemba m, pakuti zizindikiro za masiku ano zidali zisanafale.

Nali funso la mtundu umene ophunzira a abaco ankazolowera. Wamalonda adagula nsalu, naigulitsa madukati 84, ndipo phindu lake lidali limodzi mwa magawo asanu a mtengo wogulira. Kodi adaigula zingati? Wosaphunzira adzathamangira kugawa 84 pasanu ndi kuchotsa gawo limodzi, ndipo adzalakwa, pakuti phindu liwerengedwa pa mtengo wogulira, osati wogulitsira. Wodziwa lamulo adzati mtengo wogulira ndiwo chinthu. Chinthu chili ndi magawo asanu, phindu ndi gawo limodzi, pamodzi magawo 6, ndipo magawo 6 amenewa ndiwo alingana ndi 84. Tsono gawo limodzi ndi 14, ndipo chinthu chathunthu ndi madukati 70. Poyesa yankho, 70 kuwonjeza 14 ndi 84 ndithu.

Nalinso funso la kugawana. Anthu awiri achita malonda pamodzi. Woyamba aika madukati 200 kwa miyezi 12. Wachiwiri aika madukati 300, koma kwa miyezi 4 yokha. Phindu ndi madukati 90. Wachiwiri angathe kunena kuti gawo lalikulu ndi lake popeza adaika ndalama zambiri. Koma ndalama iyenera kuyesedwa pamodzi ndi nthawi imene idagwira ntchito: 200 kuchulukitsa ndi 12 ndi 2,400, pamene 300 kuchulukitsa ndi 4 ndi 1,200. Woyamba ali ndi magawo awiri, wachiwiri limodzi. Wina alandira 60, mnzake 30. Mlandu umene ukadadanitsa mabanja awiri utha pa kachidutswa ka pepala, ndipo palibe wobwerera kwawo akudandaula.

Luso limeneli silibwera ndi kumva kokha. Mbale Luca adadzaza buku lake ndi mafunso ambirimbiri, ena osiyana pang'ono pokha, pakuti adadziwa kuti dzanja ndi mutu zizolowera pochita kawirikawiri, monga mwana wa katekisimu agwira mapemphero powabwereza tsiku ndi tsiku.

LAMULO LA 72

M'buku lomwelo muli kalamulo kena kakafupi kamene amabanki akagwiritsabe ntchito. Ngongole ikamabala chiwongola dzanja, ndipo chiwongola dzanjacho nkumabalanso china, munthu angadziwe zaka zimene ngongoleyo idzawirikiza kawiri pogawa 72 ndi chiwongola dzanja cha pa 100 pa chaka. Pa 6 pa 100 aliyense, ngongole iwirikiza m'zaka 12. Pa 12 iwirikiza m'zaka 6. Pa 24 iwirikiza m'zaka 3 zokha, kotero kuti wokongola madukati 100 osabweza kanthu adzapezeka ndi ngongole ya pafupifupi 400 pakutha pa zaka 6. Yankho la lamuloli siligunda penipeni, koma lifika pafupi kwambiri. Alaliki ankadzudzula katapila pa guwa. Kalamulo aka kamapatsa wokongola njira yoonera yekha kuzama kwa dzenje asanagweremo.

MABUKU ATATU A WAMALONDA

Chigawo cha Summa chimene chidatchukitsa dzina la Mbale Luca chili ndi mitu 36, ndipo chifotokoza kalembedwe ka mabuku monga ankachitira amalonda a ku Venice. Iye sadayambitse njira imeneyi, ndipo sadadzitame kuti adaiyambitsa. Mabuku a mzinda wa Genoa a chaka cha 1340 adalembedwa kale mwa njira yomweyo, ndipo Benedetto Cotrugli adailembapo mu 1458, ngakhale buku lake lidasindikizidwa mochedwa, mu 1573. Mbale Luca ndiye adayamba kuifotokoza yonse mwa dongosolo m'buku losindikizidwa.

Poyamba adaphunzitsa kuti wamalonda asowa zinthu zitatu: mpamba, kapena mbiri yabwino yoti anthu amukhulupirire ndi kumukongoza, luso la kuwerengera, ndi dongosolo pa zolemba zake zonse. Asanayambe malonda alembe mndandanda wa zonse ali nazo, ndalama, katundu, nyumba, minda, amene ali naye ngongole ndi amene iye adawakongola, ndipo mndandandawo authe tsiku limodzi. Adalangizanso kuti Mkhristu ayambe mabuku ake ndi dzina la Mulungu, ndi kuti buku loyamba likhale ndi chizindikiro cha Mtanda.

Mabukuwo ndi atatu. Loyamba ndi lokumbutsa, mmene aliyense wa m'nyumba, ngakhale mkazi kapena wantchito, alembamo chilichonse chogulidwa kapena chogulitsidwa nthawi yomweyo, mwini wake ali pa ulendo. Lachiwiri ndi la tsiku ndi tsiku, mmene zolembedwa zija zikonzedwa bwino, ndipo mitengo yonse isandutsidwa ndalama ya mtundu umodzi. Lachitatu ndi buku lalikulu, mmene munthu aliyense ndi katundu aliyense ali ndi tsamba lake, ndi bokosi la ndalama lomwe.

Chinsinsi chake ndi chakuti kanthu kalikonse kalembedwa kawiri m'buku lalikulu, kumanzere pa tsamba la wolandira ndi kumanja pa tsamba la wopereka. Wamalonda akagula nsalu ya madukati 50 ndi ndalama za m'bokosi, tsamba la nsalu lilandira 50, ndipo tsamba la bokosi lipereka 50. Potseka buku awonkhetsa zonse za kumanzere ndi zonse za kumanja. Zikalingana, buku lili bwino pa mbali imeneyo. Zikasiyana, pali cholakwa, ndipo ayenera kuchifunafuna mpaka achipeze. Apa pali nzeru yomwe ija ya alijebura: mbali ziwiri zolingana ngati mbale ziwiri za sikelo, kotero kuti chochitika mbali imodzi chiyenera kuonekanso ku mbali inzake. Buku lotere livuta kulinamiza, ndipo liteteza wosunga wokhulupirika pamene anthu amunenera zoipa.

KU MILAN NDI LEONARDO

Summa itatuluka, Ludovico Sforza, wolamula wa Milan, adaitana Mbale Luca kuti adzaphunzitse masamu kwawo. Kumeneko adapalana ubwenzi ndi Leonardo da Vinci, amene nthawi imeneyo ankajambula chithunzi chotchuka cha Mgonero Wotsiriza pa khoma la chipinda chodyera cha Adominikani. Leonardo adali atagula kale Summa, ndipo adaphunzira masamu kwa mbaleyo. Pamene Mbale Luca adalemba buku lotchedwa De divina proportione, Leonardo ndiye adamujambulira zithunzi zake. Mu 1499 asilikali a Louis XII, mfumu ya France, adalanda Milan, ndipo abwenzi awiriwa adachoka pamodzi, nadzera ku Mantua ndi ku Venice kufikira ku Florence.

Mbale Luca adapitiriza kuphunzitsa, ndipo pa 11 Ogasiti 1508 anthu okwana ngati 500 adadzaza tchalitchi cha San Bartolomeo ku Venice kudzamvera phunziro lake pa masamu a Euclid. Chaka chotsatira, 1509, adasindikiza mabuku a Euclid m'Chilatini pamodzi ndi buku lija adalemba ku Milan. Mu 1514 Papa Leo X adamuitana kuti akaphunzitse pa sukulu ya ukachenjede ya ku Roma. Papa yemweyo mu 1515, pa Msonkhano wachisanu wa ku Lateran, adavomereza matumba a Monte di Pietà, nalola kuti azilandira kachiwongola dzanja kochepa kolipirira ntchito yake.

ZOFOOKA ZAKE

Mbale Luca sadalembedwe m'gulu la oyera, ndipo mbiri yake ili ndi mabanga. Zambiri za m'mabuku ake adazitenga kwa ena. Chigawo china cha De divina proportione ndi ntchito ya Piero della Francesca, mnzake wa mudzi umodzi, imene adaimasulira m'Chitaliyana osatchula mwini wake. Ndipo wolemba mbiri Giorgio Vasari adamudzudzula kolimba pa ichi. Munthu amene adaphunzitsa ena kulemba ngongole iliyonse adasiya ngongole iyi yosalemba. Mu 1508 adalandira kwa Papa Julius II chilolezo chokhala ndi katundu wakewake, chinthu chachilendo kwa mwana wa Fransisko, ndipo pakati pa iye ndi abale a m'nyumba ya chipani ku Sansepolcro padali kusamvana.

Ngakhale pa masamu adaphonya zina. Adafunsa za kugawa mphotho pamene masewera aduka pakati, nayankha kuti igawidwe molingana ndi zimene aliyense wapata kale. Yankholi lidali lolakwa, ndipo lolondola lidapezedwa ndi Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat mu 1654. Adalembanso kuti njira yomasulira mafunso mmene chinthu chachulukitsidwa katatu idali isanapezeke. Posakhalitsa Scipione del Ferro wa ku Bologna adaipeza, ndipo Gerolamo Cardano adaisindikiza mu 1545. Komabe akatswiri a Italy amene adapitirira iye adayambira pa buku lake.

IMFA YAKE NDI ZIMENE ADASIYA

Mbale Luca adamwalira mu 1517, ali ndi zaka ngati 70. Summa idasindikizidwanso mu 1523, ndipo mu 1543 ku Antwerp kudatuluka buku la Jan Ympyn lophunzitsa njira ya ku Venice motsata iye. Kuchokera kumeneko njirayo idafalikira ku Ulaya konse, ndi kutsidya kwa nyanja. Mu 1994, pokumbukira zaka 500 za bukulo, dziko la Italy lidaika nkhope yake pa ndalama ya 500 lire. Chithunzi chake chakale chili ku Naples: waima pa tebulo m'mkanjo wa chipani, dzanja lina pa buku, lina likuloza pa sileti. Mabanki, makampani ndi maofesi a madayosizi alembabe kumanzere ndi kumanja monga adafotokozera iye, ngakhale ambiri atero pa kompyuta.

Moyo wake uli ndi mau kwa katekisti amene alandira mtulo ku tchalitchi cha kumudzi, kwa msungichuma wa bungwe la amayi, ndi kwa Mkhristu aliyense wa kasitolo kapena wokongoza mnzake. Mipingo yambiri yagawikana popanda wakuba, chifukwa chakuti wosunga thumba adadalira mutu wake, ndipo tsiku lofotokoza litafika adasowa choonetsa. Mthenga Wabwino usimba za kapitao amene mbuye wake adamuitana kuti afotokoze za ukapitao wake, ndipo tsiku lotere lidikira munthu aliyense. Amene asunga ndalama za ena alembe tsiku lomwelo, alembe kumene zachokera ndi kumene zapita, awonkhetse mbali zonse ziwiri mwezi usanathe, ndipo alole mnzake aone bukulo. Makolo nawonso asanyoze masamu a ana awo ngati chinthu chopanda ntchito, pakuti mwana wodziwa kupeza chinthu chobisika m'funso sadzanyengedwa pa sikelo kapena pa ngongole, ndipo sadzanyenga mnzake mosadziwa.

Ambuye amupatse Mbale Luca mpumulo wosatha, ndipo apatse Eklezia wake asungichuma okhulupirika pa zazing'ono.